Muyeso wa Chithunzi: Mmene Malonda a Nkhokwe za Zithunzi Anasinthira

M'chaka cha 2000, Charles O'Rear, wojambula zithunzi wa ku California, anakwera ndege yopita ku Seattle atanyamula kachidutswa ka filimu kochepa kuposa chikhatho chake. Kampani ya Microsoft inali itagula chithunzi chomwe chinali pa filimuyo, ndipo inkafuna filimu yeniyeniyo, osati kope. Makampani otumiza katundu atamva mtengo wake anakana kuinyamula, poti ikanati yasowa panjira, inshulansi yawo sikanatha kubweza. Basi a Microsoft anangomugulira tikiti mwiniwakeyo.

Aliyense amene anagwirapo kompyuta ya Windows XP amachidziwa chithunzicho: kaphiri ka msipu wobiriwira, thambo labuluu, timitambo toyera apo ndi apo. O'Rear anachijambula mu Januwale 1996 akudutsa pa galimoto m'dera la Sonoma. Palibe anamutuma. Anaima m'mbali mwa msewu, natulutsa kamera yake ya Mamiya RZ67, najambula, kenako n'kukachisiya ku Westlight, kampani yosunga zithunzi ndi kuzibwereketsa kwa ozifuna. Corbis, kampani ya Bill Gates, inagula Westlight mu 1998, ndipo n'kumeneko kumene a Microsoft anachipeza. Chosekesa n'chakuti filimu ya masentimita 6 kwa 7 ija, yomwe ikanatha kusindikizidwa pa khoma lonse la nyumba osaoneka chimbuuzi, inafika pa makompyuta a anthu ili kachithunzi ka timadontho 800 m'litali ndi 600 m'lifupi.

Malonda amenewa amayenda choncho. Wojambula amajambula lero asakudziwa kuti adzagule ndani, liti, kapena kuti wogulayo adzafuna chithunzicho pa sitampa, pa kalendala kapena pa chikwangwani cha pamsewu. N'chifukwa chake osunga nkhokwe za zithunzi akhala akufuna chithunzi chachikulu kuposa chimene ogula ambiri amagwiritsa ntchito. Kwa zaka pafupifupi 80, muyeso umenewu ndi umene unkasankha wolowa m'malondawa ndi wotsala panja, ndipo mitengo inkakhala yokwera malinga ngati olowa anali ochepa.

Poyamba penipeni nyuzipepala sizinkatha kusindikiza chithunzi cha kamera. Mmisiri ankachiyang'ana n'kuchizokota pa thabwa, ndipo chozokotacho n'chimene chinkapakidwa inki. Zinthu zinayamba kusintha pa 4 Malichi 1880 pamene nyuzipepala ya Daily Graphic ya ku New York inasindikiza chithunzi cha zisakasa za anthu osauka pochigawa m'timadontho ta inki, tina tatikulu tina tating'ono, timene diso limaphatikiza likakhala patali pang'ono. Njira imeneyi itafala, akonzi anayamba kufuna zithunzi zambiri kuposa zimene ojambula awo akanatha kubweretsa.

Mmodzi mwa oyamba kuona mwayiwo anali H. Armstrong Roberts wa ku Philadelphia, amene anatsegula kampani yake mu 1920. Ankajambula zinthu wamba: mabanja, ana, anthu ali pa ntchito, apaulendo. Anthu ooneka m'zithunzizo ankasaina pepala lovomereza kuti nkhope zawo zikhoza kugwiritsidwa ntchito potsatsa malonda. Pepala limeneli lidakalipo mpaka lero, ndipo wotumiza chithunzi cha munthu wodziwika nkhope popanda pepalalo sangachigulitse kwa otsatsa malonda ngakhale chitakongola bwanji.

Wina anali Otto Bettmann, Myuda wobadwira ku Leipzig, yemwe ankayang'anira mabuku akale pa laibulale ina ya boma ku Berlin. Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933 anachotsedwa ntchito, ndipo mu 1935 anafika ku New York ndi mabokosi awiri aakulu odzaza zithunzi ndi mafilimu. Anafika pa nthawi yake. Magazini ya Life inayamba kutuluka mu 1936, ya Look mu 1937, ndipo onse awiri ankameza zithunzi sabata ndi sabata, mwezi ndi mwezi. Luso la Bettmann silinali pa kamera ayi, linali pa makadi. Chithunzi chilichonse ankachilembera mitu ingapo, kotero kuti mkonzi wofuna dokotala wakale, wina wofuna mpando wakale, ndi wina wofuna munthu wodwala dzino, onse akanatha kupatsidwa chithunzi chimodzimodzi, aliyense n'kulipira payekha. Ku London nakonso, magazini ya Picture Post inasonkhanitsa nkhokwe yaikulu ya Hulton, yomwe BBC inagula magaziniyo itatsekedwa mu 1957. Amene lero amatopa ndi kulemba mawu 30 kapena 40 ofotokozera chithunzi chimodzi asanachitumize pa intaneti akugwira ntchito yomweyo ya makadi ija.

Nkhokwe zoyambirirazi zinkadalira kwambiri zotsala, zithunzi zomwe zinajambulidwira ntchito ina koma sizinagwiritsidwe. Cha m'ma 1970 zinthu zinatembenuka. Kampani ya The Image Bank inatsegulidwa ku New York mu 1974 n'cholinga chogulitsa kwa otsatsa malonda, omwe ankalipira ndalama zambiri kuposa akonzi a nyuzipepala. Lamulo latsopano la umwini ku America, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1978, linatsimikiza kuti wojambula woima payekha ndiye mwini chithunzi pokhapokha atasainira kuti wachipereka. Ku London, Tony Stone anamanga kampani yake pa mfundo yakuti zithunzi zochepa zosankhidwa bwino zimabweretsa ndalama zambiri kuposa mulu wa zithunzi wamba. Ojambula anayamba kubwereka anthu, zovala ndi maofesi n'cholinga chojambulira nkhokwe basi.

Kutumiza zithunzi masiku amenewo kunali kwa manja ndi positi. Wojambula ankagwiritsa ntchito filimu ya masilaidi, yomwe ikatsukidwa imaonetsa mitundu yeniyeni ukailoza kowala. Silaidi iliyonse ankailemba dzina lake ndi mawu ofotokoza, n'kuilowetsa m'timatumba ta pepala la pulasitiki lolowa masilaidi 20. Ku kampani, mkonzi ankayala mapepalawo pa tebulo loyaka nyali kunsi kwake, n'kuwerama ndi kagalasi kokuza zinthu kali padiso. Kagalasiko sikankanyengeka. Dzanja likanjenjemera pang'ono pojambula, kankaulula. Pa masilaidi mazana, mkonzi ankatha kutengapo ochepa chabe, otsalawo n'kubwerera kwa mwiniwake. Ndalama ikabwera, kawirikawiri ankagawana pakati, theka kwa kampani, theka kwa wojambula.

Muyeso wa nthawi imeneyo unali kukula kwa filimu. Ya makamera ang'onoang'ono inali mamilimita 24 kwa 36. Ya 6 kwa 7, ngati ya O'Rear, inali yaikulu kuposa imeneyo kanayi ndi kupitirira. Pamwamba pa zonse panali ya mainchesi 4 kwa 5, yolowa m'kamera imodziimodzi, wojambula atafunda nsalu yakuda kumutu. Osindikiza makalendala ndi otsatsa malonda ankakonda zazikuluzo chifukwa sizinkafunika kuzikulitsa kwambiri, komanso, kunena zoona, chifukwa pa tebulo loyaka lija filimu yaikulu inkaphimba anzake ang'onoang'ono. Makampani anazindikira zimenezi n'kuyamba kupanga makope aakulu a masilaidi ang'ono kuti akope diso la wogula. Ojambula a kamera yaing'ono ankadziteteza ndi filimu yosalala kwambiri monga Kodachrome 25, Kodachrome 64, ndipo kuyambira 1990, Fuji Velvia. Mafilimu amenewa ankafuna kuwala kochuluka, motero kamera inkayenera kukhala pa miyendo itatu.

Popeza silaidi yoyambirira inali imodzi yokha padziko lonse, pepala lotumizira katundu ku America linkalembedwa kuti wogula akataya kapena kukanda silaidi imodzi alipira madola 1,500. Milandu ya zimenezi inkafika mpaka kukhoti. Wogula amene ankasankha chithunzi m'buku lalikulu lachitsanzo ankaimba foni, n'kufunsidwa kuti achiika pati, kukula kwake kotani, makope angati, m'mayiko ati, kwa nthawi yaitali bwanji. Yankho lililonse linkasintha mtengo.

Kamera yopanda filimu inabadwira ku Kodak mu 1975, m'manja mwa injiniya wachinyamata Steven Sasson. Inkajambula timadontho 100 kwa 100, takuda ndi toyera, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Osunga nkhokwe analibe chifukwa chotekesekera. Ngakhale Nikon D1 ya mu 1999, yomwe atolankhani anailandira ndi manja awiri, inali ya mamegapikiselo 2.7 okha, okwanira nyuzipepala koma osati chikuto cha magazini. Chimene chinalowa msanga m'malondawa ndi sikana. Filimu inkakulungidwa pa mgolo woonekera mkati wozungulira mothamanga, makina n'kumaiwerenga kadontho ndi kadontho. Apa ndi pamene muyeso unasiya kukhala wa masentimita n'kukhala wa mamegabaiti.

Masamu ake ndi ofunika kuwatsata, chifukwa ndi amene anazunguza ojambula kwa zaka zambiri. Magazini yabwino imasindikizidwa ndi mizere ya timadontho ta inki pafupifupi 150 pa inchi, ndipo osindikiza amafuna mapikiselo owirikiza kawiri chiwerengero chimenecho. Ndi kumene kunachokera nambala yotchuka ya 300. Tsamba la A4 ndi mainchesi 8.27 kwa 11.69, kuchulukitsa ndi 300 kumapereka mapikiselo 2,480 kwa 3,508, omwe ndi mamegapikiselo 8.7. Masamba awiri oyandikana, monga pakati pa magazini, amafuna 3,508 kwa 4,961, kapena kuti mamegapikiselo 17.4. Pikiselo iliyonse imasunga mabaiti atatu, wa kufiira, wa kubiriwira ndi wa buluu, motero chithunzi chodzaza masamba awiriwo chimalemera pafupifupi mamegabaiti 50 chisanapanikizidwe. Nkhokwe zikuluzikulu zinatenga chiwerengero chimenechi n'kuchisandutsa lamulo, ngakhale kuti zithunzi zambiri zogulidwa zinkathera pa kangodya ka tsamba.

Zaka za m'ma 1990 zinabweretsanso ndalama zakunja kwa ntchito yojambula. PhotoDisc ya ku Seattle, yomwe inayamba mu 1991, inkagulitsa zithunzi pa ma CD: kulipira kamodzi, kugwiritsa ntchito kangati konse, popanda mafunso a pa foni aja. Mark Getty, mdzukulu wa mpondamatiki wa mafuta J. Paul Getty, pamodzi ndi Jonathan Klein, kudzera m'kampani yawo ya Getty, anagula kampani ya Tony Stone mu 1995, Hulton mu 1996, naphatikizana ndi PhotoDisc, kenako n'kugula The Image Bank kwa Kodak mu 1999. Gates naye anagula nkhokwe ya Bettmann mu 1995, itakula kufika pa zithunzi mamiliyoni oposa 10. Mafilimu ambiri akalewo anali atayamba kuwonongeka, akununkha viniga, chizindikiro chakuti pulasitiki yake ikusweka. Corbis inawasamutsa ku New York n'kukawaika m'mgodi wakale wa miyala ya laimu ku Pennsylvania, mamita pafupifupi 67 pansi pa nthaka, m'zipinda zozizira. Ofufuza mbiri anadandaula kuti zithunzi zakwiriridwa, poti zochepa chabe n'zimene zinali zitadutsa pa sikana. Anali ndi mfundo, komabe ku New York kotentha kuja mafilimuwo akanatha okha.

Alamy, yomwe inakhazikitsidwa ku Oxfordshire ku England mu 1999, inabwera ndi njira ina. Sinkaweruza ngati chithunzi n'chokongola kapena ayi. Inkangoyang'ana ngati n'choyera bwino. Lamulo lake linali mamegabaiti 48 chisanapanikizidwe, omwe ndi mamegapikiselo opitirira 16. Kamera ya Canon yofika pamenepo, EOS-1Ds Mark II, inatuluka mu 2004 pa mtengo wa madola pafupifupi 8,000. Ojambula wamba anali ndi makamera a mamegapikiselo 6 kapena 8. Nanga akanatani? Ankafufumitsa zithunzi zawo pa kompyuta, pogwiritsa ntchito Photoshop kapena pulogalamu ya Genuine Fractals, yomwe inkapeka mapikiselo atsopano pakati pa enieniwo. Alamy inkalola zimenezi. Chithunzi chinkalemera kuwirikiza, koma tsitsi limodzi lomwe kamera sinalione silinkatulukira. Inali ntchito yongokwaniritsa lamulo, ndipo wosindikiza akanatha kuichita yekha.

Atsopano ambiri ankasokonezeka ndi nambala ziwiri. Yoyamba ndi 48 yomweyo: ankayesa kupanga fayilo ya JPEG yolemera chotero, osadziwa kuti chithunzi cha mamegabaiti 48 chikapanikizidwa chimatsika kufika pa ochepa chabe, ndipo kampani inkawerenga kulemera kwake chikatsegulidwa. Yachiwiri ndi 72 ndi 300 zolembedwa mkati mwa fayilo. Anthu ankasintha 72 kukhala 300 n'kumaganiza kuti akonza chithunzi, pamene nambalayo imangouza makina osindikizira kuti mapikiselo awathithikanitse bwanji pa pepala. Chithunzi cha 3,000 kwa 2,000 chimakhala chomwecho kaya palembedwa nambala iti. Kusamvetsa kumeneku sikunathe. Mpaka lero alipo osindikiza amene amabweza chithunzi chabwinobwino chifukwa aona 72.

Oyendera zithunzi analowa m'malo mwa mkonzi wa kagalasi uja. Iwo amatsegula chithunzi pa kukula kwake konse, pikiselo imodzi ya fayilo pa kadontho kamodzi ka sikirini, n'kumafufuza fumbi lomwe linakakamira mkati mwa kamera, mizere yofiirira m'mphepete mwa nthambi za mitengo, timachenga m'malo amdima, ndi chimbuuzi. Ku Alamy ankangotola zithunzi zingapo pa gulu lomwe munthu watumiza, ndipo chimodzi chikalephera, gulu lonse linkabwezedwa, monga mmene belo yonse ya fodya imabwerera ku okushoni ya ku Kanengo chifukwa cha kachingwe kamodzi ka pulasitiki. Getty inali ndi mndandanda wa makamera ovomerezeka. Wopanda kamera ya pa mndandandawo analibe pogwira.

Mpandawo unagwetsedwa kuchokera pansi. Mu 2000, Bruce Livingstone wa ku Calgary ku Canada anatsegula iStockphoto ngati malo osinthanirana zithunzi kwaulere. Ndalama zolipirira intaneti zitamukulira, anayamba kulipiritsa kangachepe. Mu 2003 Canon inatulutsa Digital Rebel, kamera yosintha magalasi ya mamegapikiselo 6.3, pa mtengo wosafika madola 1,000. Chaka chomwecho Jon Oringer wa ku New York, katswiri wa mapulogalamu amene ankasowa zithunzi zotchipa zotsatsira malonda ake, anagula kamera, najambula yekha zithunzi 30,000, n'kutsegula Shutterstock. Ogula atsopano, opanga masamba a pa intaneti, matchalitchi, masukulu ndi mabizinesi ang'onoang'ono, sankafuna masamba awiri a magazini. Mapikiselo 800 m'litali ankawakwanira.

Mu Juni 2006 magazini ya Wired inasindikiza nkhani ya Jeff Howe yosonyeza mmene nkhonyayo inagwera. Mayi wina wogwira ntchito ku National Health Museum ku Washington ankafuna zithunzi za anthu odwala. Wojambula wodziwa ntchito, Mark Harmel, anamutsitsira mtengo kufika pa madola 100 mpaka 150 chimodzi. Mayiyo atatulukira iStockphoto anagula zithunzi 56 pa mtengo wa pafupifupi dola imodzi chilichonse. Miyezi ingapo nkhaniyo isanatuluke, Getty inali itagula kale iStockphoto pa madola 50 miliyoni.

Kwa kanthawi kukula kwa chithunzi kunkalipirabe. Ku iStockphoto chithunzi chimodzi chinkagulitsidwa m'masaizi angapo, kuyambira kakang'onong'ono mpaka chachikulu kwambiri, ndipo mtengo unkakwera ndi saizi, motero wa kamera yaikulu ankapeza zambiri pa wogula mmodzi. Ku Shutterstock kunalibe zimenezo. Wogula ankalipira pamwezi n'kumatenga zithunzi zambiri, ndipo wojambula ankayambira pa masenti 25 pa chithunzi chotengedwa, chachikulu kapena chaching'ono. Wofuna kulowa ankatumiza zithunzi 10, ndipo 7 zinkayenera kupambana. Apa ojambula anaphunzira chinyengo chotsutsana ndi chija cha ku Alamy: m'malo mofufumitsa, anayamba kufinya. Chithunzi cha mamegapikiselo 12 chokhala ndi timachenga chikachepetsedwa kufika pa 6, timachengato timabisala, m'mphepete mwa zinthu mumaoneka mwakuthwa, woyendera n'kuvomereza. Ena ankachepetsa dala pokwiya kuti sangapereke chithunzi chonse pa masenti 25. Kufufumitsa kunali koletsedwa kumeneko, ndipo malangizo amene anakhazikika ndi akuti munthu atumize kukula kumene kamera yatulutsa, achepetse pokhapokha pali chilema chofuna kubisa.

Makampani akale anatsitsa mipanda yawo pang'onopang'ono. Alamy inachoka pa 48 kufika pa 24, kenako 17, omwe ndi mamegapikiselo pafupifupi 6, ndipo mu 2014 inatulutsa pulogalamu ya Stockimo yolandira zithunzi za pa iPhone. Shutterstock ndi Adobe Stock amafuna mamegapikiselo 4. Mu 2015 Apple inapachika zithunzi za iPhone 6, kamera ya mamegapikiselo 8, pa zikwangwani zikuluzikulu m'mizinda yambiri padziko, ndipo palibe wodutsa pamsewu amene anaona vuto. Osindikiza ankadziwa kale chifukwa chake: lamulo la 300 ndi la pepala logwira m'manja. Chikwangwani chomwe munthu amachiona ali pa mtunda wa mamita makumi angapo chimasindikizidwa ndi mapikiselo ochepa kwambiri pa inchi, ndipo woyandikira pafupi amangoona madontho aakulu osamveka.

Mpandawo utagwa, mitengo inatsatira. Adobe inagula nkhokwe ya zithunzi ya Fotolia pa madola 800 miliyoni kumayambiriro kwa 2015. Mu 2016 Gates anagulitsa nkhokwe za Corbis ku kampani yogwirizana ndi Visual China Group, ndipo Getty, mdani wake wa zaka 20, ndiyo inapatsidwa ntchito yogulitsa zithunzizo kunja kwa China. Mu Juni 2020 Shutterstock inasintha kalipiridwe: wojambula amayambira pa 15 peresenti, amakwera malinga ndi zimene wagulitsa, ndipo Januwale aliyense amabwerera pansi. Malipiro otsikitsitsa anafika pa masenti 10, ndipo ojambula ambiri anachotsa zithunzi zawo pokwiya.

Masiku ano foni wamba imajambula mamegapikiselo 12 kapena kuposa, kuwirikiza katatu muyeso wa Shutterstock, motero chithunzi sichikanidwa kawirikawiri chifukwa chochepa. Chimakanidwa chifukwa foni yasalaza nkhope mpaka khungu kuoneka ngati lopaka, chifukwa pa malaya a munthu pali chizindikiro cha kampani, chifukwa pepala lovomereza palibe, kapena chifukwa nkhokweyo ili kale ndi zithunzi zofanana nacho zosawerengeka. Pabweranso wogula wina amene safuna chithunzi chimodzi koma nkhokwe yonse pamodzi ndi mawu ake ofotokozera, kuti aphunzitsire makompyuta opeka zithunzi. Shutterstock inagwirizana ndi kampani yotere ya OpenAI, n'kuwonjezera mgwirizanowo ndi zaka zisanu ndi chimodzi mu 2023. Chaka chomwecho Getty inatengera kukhoti kampani ya Stability AI, ikuti inatenga zithunzi zake mamiliyoni popanda chilolezo. Mu Januwale 2025 Getty ndi Shutterstock analengeza kuti akufuna kuphatikizana kukhala kampani imodzi ya madola 3.7 biliyoni.